Azakhali Velonika anakana kusintha mapeto

Sabata yatha tinapereka Misa yokumbukira azakhali Velonika Jere, pakuti chaka chakwana chitisiyireni. Mapemphero atatha anthu anaimirira mmodzimmodzi kunena zabwino: eti anali mayi wofatsa, wosadziwa kubweza mawu, wokonda mtendere. Ine ndinaweramitsa mutu kuti asaone kuti ndikuseka. Azakhali sanali ofatsa. Akanamva mawu amenewo akanafunsa kuti kodi munthu mukumutamayu ndi wa mudzi uti. Ndiye ndati ndilembe ine zimene ndikudziwa, ngakhale sukulu ndinalekezera giredi seveni, chifukwa mwana wanga Matilida ali moyo lero, ndipo pambuyo pa Mulungu ndi mayi ameneyu amene anamubweza pakamwa pa manda.

Anali azakhali a amuna anga, mlongo wawo wa apongozi anga aamuna. Zaka zambiri anagwira ntchito yotaipa makalata mu ofesi ina ku Chipata, akukhala m'kanyumba ka zipinda ziwiri ku Kapata. Ukwati unali utatha kalekale, ndipo ana analibe. Atapuma pa ntchito anabwerera kuno kumudzi kwathu, cha kufupi ndi Mtenguleni. Tsiku lofika, ife azimayi tinathamangira kukathandiza kutsitsa katundu, mitima ili pa mapoto ndi zitenje za m'tauni. Makatoni anali olemera ngati muli njerwa. Titatsegula tinapeza mabuku okhaokha, onse a Chingerezi. Mayi wina anafunsa ngati azakhali akufuna kutsegula sukulu. Iwo anati ayi, amenewo ndi alendo awo a ku America, tiwanyamule bwino chifukwa ndi anthu odwala kale.

Tinaganiza kuti ndi nthabwala, koma pang'onopang'ono tinamvetsa. Mabuku oyamba anawasiyira mzimayi wina wa ku America amene anagwirako ntchito mu ofesi yawo. Enawo ankagula okha. Akapita ku Chipata kukatenga mankhwala a kuthamanga kwa magazi, sankabwerera osadzera kwa bambo wina woyala mabuku akale pansi pafupi ndi msika. Ankafunafuna amene ali ndi kachidindo kozungulira konga kagolide pachikuto. Ankati ukaona kachidindo kameneko, dziwa kuti akuluakulu a kumeneko anakhala pansi n'kugwirizana kuti chaka chimenecho palibe buku lina lopweteka mtima kuposa limenelo, ndiye analipatsa mendulo.

Nthawi yawo yowerenga inali m'mawa, akabwerako ku dimba, dzuwa lisanakwere kwambiri. Magalasi anali omanga ndi ulusi mbali imodzi, ndipo pambali pankakhala dikishonale yopanda chikuto. Sankawerenga mwakachetechete ngati anthu ophunzira anzawo. Ankakangana nawo anthu a m'bukumo. Ukamadutsa unkangomva, "Iwe chitsiru, mkazi wako akukudikira, tsika m'galimotomo ulowe m'nyumba!" Mlendo wina anaima pa msewu nthawi yaitali akufunafuna amene akukalipiridwayo.

Ine Chingerezi changa ndi cha pa thumba la feteleza, ndiye zimene zinali m'mabukumo ndinkazimva kwa iwo. Zinali nkhani za matauni amene mafakitale anatsekedwa, anyamata n'kuyamba kumwa mapiritsi oledzeretsa mpaka kufa. Za nkhalamba zofera m'nyumba zokha, n'kupezedwa patapita sabata. Za mabanja odyera tebulo limodzi osalankhulana chaka chathunthu. Tsiku lina ndinawafunsa kuti, "Azakhali, America yake ndi yomweyi imene imatitumizira salaula, zovala zakale zija?" Anati, "Yomweyo, Naphiri. Chakudya chodzaza firiji, koma wokufunsa kuti wadzuka bwanji palibe." Ndinati nanga inu mumadzizunziranji ndi mavuto a eni ake, ngati kuti athu atha. Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi n'kunena kuti munthu amene wakuuza zoona za chilonda chake wakulemekeza, ndipo iwo sangamusiye akulankhula yekha.

Ndi akatekisiti athu, aSakala, sankamwerana madzi pa nkhani imeneyi. Chinayambitsa ndi pemphero. Tsiku lina ku mphakati, nthawi yopereka mapemphero, azakhali anapempha kuti tikumbukire bambo wina wa ku America amene mwana wake wamwalira ndi mapiritsi, ndipo iye sakutuluka m'nyumba. Tinapemphera ndi mtima wonse, ena mpaka misozi. Sabata yotsatira aSakala anafunsa kuti bambo uja ali bwanji, ndipo ndi m'bale wa yani. Azakhali anayankha kuti ali pa tsamba la mazana awiri, ndipo zinthu sizili bwino.

ASakala anakwiya zedi. Anati, "Mayi Jere, mwatigwaditsa pansi chifukwa cha munthu wa papepala?"

"Nanga wolembayo anamutola m'mwamba?" anatero azakhali. "Bambo wotere alipo kwinakwake. Ife sitikudziwa dzina lake, koma Mulungu akudziwa nambala ya nyumba yake."

ASakala anati mabuku amenewo mulibe Mulungu, mulibe chiyembekezo, ndi osayenera m'nyumba ya mkhristu. Azakhali anawauza kuti vuto lawo ndi lothamangira Pasaka. Anati amayi amene anaima pansi pa mtanda Lachisanu lija sankadziwa kuti kuli Sande, ndipo palibe anapita kukawauza kuti amwetulire. Awiriwa anakangana choncho zaka ndi zaka. Komabe tsiku loika azakhali, aSakala ndi amene analephera kumaliza nyimbo.

Chaka chawo chomaliza maso anachita ng'ala, zilembo zinayamba kuwathawa. Zinawapweteka kuposa miyendo. Matilida ankakwera minibasi kuchokera ku Kapata Loweruka lililonse kudzawawerengera, ndi Chingerezi chake cha giredi naini. Ankapunthwa pa mawu, iwo n'kumamudzudzula osamumvera chisoni. "Bwereza! Ukuwerenga ngati ukutafuna chimanga chokazinga." Iye ankangoseka n'kubwereza. Anthu ankadabwa kuti mayi wa pakhomo pake, wokhala ndi malonda ake a tomato pa msika, amatayiranji Loweruka lonse pa nkhalamba yolongolola. Ife a m'nyumba tinkadziwa chifukwa chake, ndipo ndi chimene ndikufuna kulemba tsopano.

Papita zaka zisanu ndi chimodzi. Matilida anali ndi mimba yoyamba, ndipo anachoka kwa mwamuna wake ku Kapata kubwera kuno kudzadikirira. Tsiku litafika tinapita ku kiliniki. Mwana anabadwa wakufa kale.

Mwambo wathu pa mtayo, ndiye kuti mwana wobadwa atafa, aliyense kuno amaudziwa. Sapanga maliro. Amuna sayandikira. Azimayi akuluakulu okha ndiwo amamukulunga m'kansalu n'kukamuika m'mphepete mwa manda, m'dzenje losaya. Mayi wake samuona, sapita kumandako, ndipo salira, chifukwa amati akalira chibaliro chimatsekeka. Amene amatsogolera zimenezi kuno ndi aNasoko, mayi wachikulire amene anatilandira ambirife pobereka. Ine ndinachita zonse monga anandiphunzitsira amayi anga. Ndinamugwira Matilida paphewa n'kumuuza kuti, "Usalire mwana wanga. Madzi ndiwo atayika, mtsuko ulipo." Ndinkaganiza kuti ndikumuteteza.

Anandimvera. Sanalire ngakhale kadontho. Koma analekanso kulankhula, analeka kudya. Ankagona choyang'ana kukhoma, akamva moni n'kungoti "zikomo" ndi mawu a munthu amene ali kutali. Mwamuna wake anabwera kangapo, iye osamuyang'ana n'komwe. Azimayi a mphakati ankabwera kudzaimba ndi kumuuza kuti Mulungu adzamupatsa wina. Ine ndinkapemphera kolona mpaka zala kuuma.

Inali nyengo yopopera thonje. M'mawa wina ndinamusowa pamphasa. Ndinamupeza m'kachipinda kosungiramo makasu, ataimirira, botolo la mankhwala a thonje lili m'manja. Sanali atatsegula. Ankangoliyang'ana, modekha, ngati munthu wowerenga mtengo wa chinthu m'sitolo. Ndinalilanda. Mabotolo onse ndinakasungitsa kwa aneba, ndipo kuyambira tsiku limenelo ndinkamutsatira paliponse, ngakhale kuchimbudzi ndinkadikira panja. Koma ndinkadziwa kuti m'mudzi wolima thonje nyumba iliyonse ili ndi botolo lotere, ndipo ine ndili ndi maso awiri okha.

Ndinakawauza azakhali ndikulira. Kutacha anatulukira ndi ndodo yawo, buku lili kukhwapa. Sanamupatse moni Matilida. Anakhala pakhomo pa chipinda chake, msana atatsamira khoma, n'kuyamba kuwerenga mokweza, chiganizo cha Chingerezi kenako n'kuchitembenuza m'chinenero chathu. Ndinaganiza kuti abweretsa nkhani yomusangalatsa. Ndinali kusenda maungu pafupi, makutu ali komweko.

Inali nkhani ya mayi wina wogulitsa m'kasitolo ka pamalo omwetsera mafuta galimoto, m'tauni yozizira kumene madzi oundana amagwa kuchokera kumwamba ngati ufa. Mayiyo anali ndi mimba. Pofika tsiku lachitatu la kuwerenga, mwana anafera m'mimba mwezi wachisanu ndi chinayi. Mpeni unandigwa m'manja. Azakhali anapitiriza ngati palibe chachitika. Anawerenga mmene anamwino anamupatsira mwana wakufayo kuti amunyamule, iye n'kumuwerenga zala, n'kumutcha dzina. Mmene anzake anabweretsera chakudya sabata yoyamba, kenako n'kuyamba kumuzemba m'sitolo. Mmene mkaka unabwerera m'mawere popanda woyamwa, n'kunyowetsa malaya ake a ntchito pamaso pa ogula. Pamenepo ndinasuzumira m'chipinda. Matilida anali chigonere choyang'ana kukhoma, koma dzanja linali pachifuwa.

Ndinawakokera azakhali kuseri kwa khitchini. Sindinayambe ndawakwezerapo mawu, koma tsiku limenelo ndinaiwala ulemu.

"Azakhali, mukufuna kundiphera mwana? Munthu ali pamphepete pa chitsime, inu mukumukankha?"

"Masabata asanu mwakhala mukumuimbira nyimbo," anatero. "Wadya?"

Anali asanadye, ndipo iwo ankadziwa.

"Mwana uyu akuganiza kuti padziko lonse ndi iye yekha amene wapenga chifukwa cha mwana amene sanalire n'komwe. Nonse mukumuuza kuti palibe chimene chachitika. Musiyeni amve kuti ali ndi mnzake."

Ndinawapempha kuti andiuze mmene nkhaniyo ithere. Anati mwamuna wa mayiyo, woyendetsa malole, adzachoka osabwereranso, ndipo mwana wina sadzabadwa. Ndinagwada pansi, ine mayi wamkulu, pa dothi la kuseri kwa khitchini. Ndinati, "Chonde azakhali, womasulira ndinu. Ndani adzadziwe? Pamapeto nenani kuti mwamuna anabwerera, anabereka mapasa, anapita kutchalitchi kukathokoza."

"Dzuka, Naphiri, ukudetsa chitenje," anatero. "Ine ndataipa makalata a mabwana moyo wanga wonse, ena opusa zedi, sindinasinthepo liwu. Mwana wako si chitsiru. Ndikamunamiza kumapeto adzadziwa, ndipo adzati ndi zina zonse zija zinali bodza. Wanamizidwa mokwanira."

Masiku otsatira ndinkangopempha Mulungu kuti ngati nkhalambayi ikulakwitsa, aitseke pakamwa. Sanaitseke. Inkabwera m'mawa uliwonse, masabata awiri. Tsiku lina mvula inawatsekereza, anafika mochedwa, ndipo ndinapeza Matilida atatembenuka, akuyang'ana kuchitseko.

Tsiku lomaliza linali Lachinayi. Azakhali anawerenga kuti mayi uja anadzuka m'mawa m'nyumba yopanda munthu, anavala, anapala madzi oundana pa galasi la galimoto, napita kuntchito. Munthu wina analowa m'sitolo kufuna machesi. Iye anamupatsa. Azakhali anatseka buku n'kuvula magalasi.

M'chipinda munatuluka mawu amene ndinali nditawasowa pafupifupi miyezi iwiri.

"Ndiye?"

"Ndiye basi," anatero azakhali.

"Ambuya, musandipusitse. Pitirizani."

"Ndipitirize chiyani? Latha."

Matilida anadzuka, anatuluka akudzandira, n'kuwatsomphola bukulo. Anatsegula kumapeto, napeza tsamba loyera lopanda kanthu. Analiponya kunja ndi mphamvu zimene sindinkadziwa kuti akadali nazo, linakagwera m'chigubu chomwera nkhuku.

"Wolemba zimenezi ndi mfiti!"

"Mfiti yeniyeni," anavomera azakhali. "Anaipatsanso mendulo."

"Nanga mayiyo akhala bwanji? Amusiya choncho?"

"Sindikudziwa, mwanawe. Chimene ndikudziwa n'choti wadzuka."

Matilida anaima pakhomopo akupuma mofulumira. Kenako anatembenukira kwa ine. Anati, "Amama, mayi wa m'buku uja wake anamuona. Wanga anali mwamuna kapena mkazi?"

Palibe anali atamuuza. Mwambo sulola. Ndinayang'ana azakhali, iwo anayang'ana kumbali, kundisiyira ndekha. Ndinati, "Anali mkazi. Anali ndi tsitsi lambiri, ngati iwe."

Kulira kumene analira mwana wanga sindidzakuiwala. Kunamveka mpaka kuchitsime. ANasoko anabwera akuthamanga, mpango uli m'manja, akukuwa kuti, "Mutontholetseni! Mukufuna aume chibaliro?" Azakhali anapingasa ndodo yawo pakhomo.

"Nasoko, ima pomwepo. Ine ndinataya atatu. Onse atatu sindinagwetse msozi, monga munkanenera. Ana angawo ali kuti? Undionetse."

Ine ndinali nditakhala pabanja limeneli zaka zoposa makumi awiri, koma za ana atatuwo ndinazimva tsiku limenelo, ndipo azakhali sanazitchulenso mpaka kufa.

Masana omwewo tinapita kumanda atatu, ine, Matilida ndi azakhali, amene ankapuma pa mtengo uliwonse chifukwa cha miyendo. Ndinamuonetsa kamulu kakang'ono m'mphepete, udzu utayamba kale kumera. Anagwada, nanong'oneza dzina. Mpaka lero sanatiuze dzinalo, ndipo sitimufunsa. Pobwerera tinadutsa m'munda, iye anathyola dowe muwiri. Ndinamuwotchera, anadya wonse.

Sindinganame kuti anachira tsiku lomwelo. Azakhali angandidzudzule. Panali masiku ena amene ankabwerera kukhoma kuja. Mabotolo anakhala kwa aneba mpaka titatola thonje. Azakhali omwewo ndi amene anaumirira kuti tipite naye ku kiliniki akalankhule ndi anamwino, ati buku si dokotala. Kwa mwamuna wake anabwerera nthawi yokolola nsawawa itatha. Patapita zaka ziwiri anabereka mwana wamwamuna, ndipo chaka chatha wamkazi. Nditapita kukawathokoza azakhali ndi nkhuku, anailandira koma anati ndisasakanize nkhani: anawo ndi mphatso ya Mulungu, ndipo ngakhale akanapanda kubadwa, Matilida akanayenerabe kukhala ndi moyo.

Ine mawu aja a madzi ndi mtsuko ndinakawalapa kwa ansembe. Tsopano ndakula, ndili m'gulu la azimayi amene amaitanidwa pakagwa mtayo. Mwambo timausunga, amuna sabwera, bokosi palibe. Koma ndisanamukulunge mwana ndimafunsa mayi wake ngati akufuna kumuona, ndipo akalira ndimamugwira dzanja. ANasoko amang'ung'udza, koma amapeza chochita panja mpaka titamaliza.

Misa ija itatha, anthu atabalalika, ine ndi Matilida tinapita kunyumba ya azakhali. Chitseko n'chokhoma, makiyi ali ndi amuna anga, amene akufuna kumasungiramo mabelo a thonje. Udzu wa padenga wayamba kutsetsereka mbali ya kumadzulo. Pakhonde tinapeza mbuzi za eni ake zitagona, tinazithamangitsa. Pansi pali timaenje tinayi pamene miyendo ya mpando wawo wowerengera inkaponda, ndipo pakhoma, pamwamba pake, pali banga lakuda la mafuta a m'mutu, pamene ankatsamira. Kunali zii, kumangomveka njiwa ndi mphero ya kutsidya.

Matilida anakhala pansi pakati pa timaenje tija, natambasula miyendo, nayamba kuyamwitsa mwana. Kenako analira, masana dzuwa lili pamutu, anthu akudutsa pa msewu ndi njinga zawo. Palibe anabwera kudzamuuza kuti aleke. Atatha anapukuta nkhope ndi nsonga ya chitenje, nandifunsa ngati kunyumba kwatsala chakudya, chifukwa njala yamupweteka.